Mafunso ndi mayankho: chombo cha matanga pa chithunzi, chombo cha matanga pa ntchito

Zithunzi za zombo za matanga zojambula pamanja zilipo zambirimbiri. Zina zili m'nyumba zosungira zinthu zakale ku Ulaya, zina munazionapo pa kalendala kapena pakhoma la hotela osadziwa kuti ndi chombo chanji. Ndipo nthawi zambiri chimakhala chimodzimodzi, matanga oyera mbee onse atatambasulidwa, madzi akuphulika kutsogolo, munthu osaoneka olo mmodzi. Koma izi zinali zombo za bizinesi, zonyamula katundu kuti mwini wake apeze ndalama basi. Apa tatenga chombo chimodzi chodziwika bwino, Cutty Sark, kuti tione zomwe ojambula anaonetsa ndi zomwe anasiya.

Cutty Sark yo nchiyani kwenikweni?

Ndi chombo cha mtundu womwe Angerezi amati clipper, chopyapyala, chosongoka kutsogolo, chopangidwira liwiro. Anachikhoma ku Dumbarton ku Scotland, ndipo anachitsitsira m'madzi pa 22 November 1869. Mwini wake anali John Willis wa ku London, wojambula pulani yake Hercules Linton. Mafupa ake ndi achitsulo koma kunja ndi matabwa, ndipo kunsi kolowa m'madzi anakuta ndi malata a mkuwa wosakaniza kuti ndere ndi tizilombo tisamamatire. Kutalika pafupifupi mamita 65, milongoti 3, waukuluwo kupitirira mamita 45 kuchokera pa deki. Matanga onse akatambasulidwa amakwana cha m'ma sikweya mita 3,000. Tsiku labwino kwambiri chinayendapo mamailosi a panyanja 363 m'maola 24, popanda injini.

Tsoka lake, masiku 5 okha chisanalowe m'madzi, pa 17 November, anali atatsegula ngalande ya Suez. Sitima za injini zoyendera malasha zinapeza njira yachidule yopita ku China, pomwe za matanga zinapitiriza kuzungulira kunsi kwa Africa chifukwa mphepo ya pa Red Sea sinali yothandiza komanso kukokedwa m'ngalandemo kumadula. Nde chombochi chinabadwa bizinesi yake ili pafupi kutha.

Amajambulitsa zombozi ndani, ndipo amalipira ndani?

Funso limeneli mukaligwira, zina zonse zimveka zokha. Makasitomala ambiri anali makaputeni, eni zombo, nthawi zina amalinyero akuluakulu ofuna kukapachika kunyumba kuti akazi awo aziona. Pafupifupi doko lililonse lalikulu linali ndi ojambula ake omwe amangodikira chombo chifike, n'kukwera, kukambirana mtengo, kujambula mwachangu milongoti ndi zingwe pa pepala, kenako kukamalizitsa kunyumba chombo chisananyamuke. Kuchedwa ndiye kuti ndalama yapita ndi mphepo, chifukwa kasitomala mwina adzabweranso patatha chaka, mwina osabweranso.

Ku Marseille kunali banja la a Roux, bambo ndi ana awo onse ntchito yomweyo. Ku Liverpool kunali Samuel Walters. Ku New York kunali Antonio Jacobsen, wobadwira ku Denmark, yemwe anajambula zombo zoposa 6,000. Ku Goole, kenako ku Par m'dera la Cornwall, kunali Reuben Chappell yemwe amajambula tizombo ting'onoting'ono ta m'mphepete mwa nyanja motchipa ndithu. Ku Hong Kong ndi ku doko la Whampoa ku China kunali ojambula a Chitchaina ambiri omwe sankalemba ndi maina omwe pa ntchito zawo, ndipo ku Calcutta kunali Lai Fong. Cutty Sark yomweyi inajambulidwa ndi Frederick Tudgay mu 1872, idakali yatsopano.

Anthu amenewa sankatengedwa ngati akatswiri a zaluso, anali amisiri. Koma kasitomala wawo anali wovuta kuposa wina aliyense, chifukwa kaputeni amadziwa chingwe chilichonse cha chombo chake, kumene chachokera ndi kumene chakamangidwa. Ukalakwitsa thanga limodzi sakulipira. Mafunde ukhoza kujambula mwachisawawa, mitambo kaya yabodza, iye alibe nazo ntchito, bola chombocho chikhale chake ndendende.

Nanga bwanji zonse zimaoneka zofanana, chombo chili cham'mbali, matanga onse m'mwamba?

Chifukwa cham'mbali ndi momwe chilichonse chimaonekera bwino, kutalika kwake, milongoti yonse, dzina, mbendera. Zili ngati chithunzi cha kusitudiyo chija munthu amavala suti yobwereka, nsapato atapolisha, osati momwe amaonekera kumunda. Dzimbiri m'mbali kulibe, zigamba pa matanga kulibe, pomwe zoona zake zombo zimayenda ndi matanga akale azigamba kumadera a mphepo yofatsa n'kusunga atsopano olimba kuti akagwire ntchito kwa anamondwe. Ena amajambulitsa ziwiri, china nyanja ili bata, china chombo chili pakati pa mkuntho ndi timatanga titatu tokha. Chachiwiricho ndiye chinali chokadzitamira nacho, kuti onani zomwe ndinapulumuka. Komanso mukaona zombo ziwiri zofanana pa chithunzi chimodzi, china cham'mbali china chikuoneka kumbuyo chikupita, musadabwe, kawirikawiri ndi chombo chomwecho chajambulidwa kawiri.

Tiyi ndiye anali ntchito yake yeniyeni eti?

Ndi ntchito yomwe anachipangira, koma anangoigwira maulendo 8 okha, kuyambira 1870 mpaka 1877. Ulendo woyamba ananyamuka ku London mu February 1870 ndi vinyo, mowa ndi katundu wina kupita ku Shanghai, kaputeni ali George Moodie, n'kubwerako mu October ndi tiyi wokwana cha m'ma matani 600. Tiyi woyamba kufika ku London amagulidwa pa mtengo wabwino, nchifukwa chake zombo zimathamangitsana.

Koma mpikisanowo umayambira padoko, osati panyanja. Pansi penipeni amathira timiyala kuti chombo chisapendekeke, kusalaza bwinobwino, kenako anthu onyamula katundu a Chitchaina amasanja mabokosi a tiyi mzere ndi mzere, kumakhomerera ndi nyundo zamatabwa kuti pasatsale mpata olo wolowa dzanja. Bokosi likamagwedera panyanja limasweka, tiyi akanyowa kapena akatenga fungo ndiye watha ntchito. Luso limenelo ndi lomwe limapangitsa ulendo kukhala wa phindu kapena wa luza, koma fufuzani chithunzi cha penti choonetsa anthu amenewa ali m'mimba mwa chombo, muvutika. Palibe kaputeni amafuna kupachika zimenezo pabalaza.

Pali nkhani yotchuka yoti chiwongolero chake chinathyoka, inayenda bwanji?

Mu 1872 Cutty Sark ndi mdani wake wamkulu, chombo china cha tiyi chotchedwa Thermopylae, ananyamuka tsiku limodzi ku Shanghai. Cutty Sark inali patsogolo ndithu pa Indian Ocean pomwe namondwe anazula chiwongolero chake chakufupi ndi gombe la South Africa. Mchimwene wake wa mwini chombo anali momwemo ndipo amalimbikira zoti akakocheze ku Cape Town, koma Moodie anakana. Kalipentala Henry Henderson ndi anzake anatenga matabwa ndi zitsulo zomwe zinalipo, kukoleza moto wosulira pa deki pomwepo chombo chikuvina, n'kupanga chiwongolero china m'masiku osakwana sabata. Tangoganizani kusula chitsulo chofiira madzi akukwera mpaka m'mawondo, moto kumagubuduka. Anakafika ku London patatha masiku 122, sabata imodzi m'mbuyo mwa Thermopylae. Analuza mpikisano koma mbiri yonse inapita kwa iwo, ndipo Moodie atafika anasiya ntchito pa chombocho.

Zithunzi za zombo ziwirizi zikuthamangitsana zilipo zambiri, zili pafupi ngati zikhudzana. Kunena zoona pa ulendo wa miyezi 4 zombo zimatha masabata osaonana n'komwe, aliyense amangoganizira kuti mnzake ali pati.

Tiyi atatha chinatani?

Apa ndiye pali zaka zomwe palibe amafuna kujambula. Mu 1878 chinafika ku Shanghai ndi malasha ochokera ku Sydney, n'kupeza tiyi yense watengedwa ndi sitima za injini. Kaputeni Tiptaft anamwalira komweko. Kuchokera pamenepo chinayamba kungoyendayenda, katundu aliyense amene wapezeka, malasha, ulusi wopangira masaka, mafuta a nsatsi, chilichonse. Mu 1880 Willis anadulako milongoti, kuchotsa matanga ena apamwamba ndi am'mbali, kuti chizitha kuyenda ndi anthu ochepa. Anthu ochepa ndiye kuti malipiro ochepa kwa bwana, koma ntchito yochuluka kwa otsalawo.

Chaka chomwecho, chitanyamula malasha ku Penarth ku Wales, wachiwiri kwa kaputeni Sidney Smith, munthu wankhanza, anamenya mmalinyero wachikuda John Francis ndi chimtengo pamutu mpaka kufa. Kaputeni James Wallace m'malo mokamupereka ku boma anamuthandiza kuthawa atafika ku doko la Anjer pa chilumba cha Java. Amalinyero anakwiya n'kukana ntchito, mphepo nayo inaleka, chombo chinangoima pa Java Sea masiku angapo kukutentha, ndipo Wallace ataona kuti zake zada anadziponya m'nyanja. Smith anadzagwidwa ku London pambuyo pake n'kulamulidwa zaka 7 kundende. Wolowa m'malo, William Bruce, anali chidakwa, anthu anagona ndi njala pa ulendo wake, mpakana anamulanda chiphaso ku New York mu 1882.

Ndiye mukamaona chithunzi chokongola chija, kumbukirani kuti pa deki yomweyo panachitika zimenezi, ndipo m'mimba mwake nthawi zambiri munali fumbi la malasha osati fungo la tiyi.

Amalinyerowo ali kuti pa zithunzizi? Palibe amene anawajambula?

Alipo, ochepa, ndipo kwa ine ndi amene zithunzi zawo zili ndi moyo. Kusiyana kwake n'koti iwowa sanaime padoko, anakwera.

Henry Scott Tuke wa ku Falmouth, doko la ku Cornwall, anagula chombo chakale cha ku France, Julie of Nantes, n'kuchisandutsa malo ojambuliramo. Mmenemo ndi momwe anajambula All Hands to the Pumps mu 1888 ndi 1889, chomwe lero chili m'manja mwa Tate, nyumba zosungira zithunzi ku Britain. Chiyang'aneni mofatsa. Chombo chonse simuchiona, inu mwaima pa deki limodzi ndi anthuwo. Amuna aunjikana pa pampu akupopa, madzi akusefukira pa deki, thanga lang'ambika, wina wakwera pa zingwe akuloza kunyanja, ndipo mbendera yapachikidwa chadodolido, chomwe panyanja chimatanthauza kuti tili pamavuto tithandizeni. Kupopa kumeneku sikunali kwa tsiku la ngozi lokha ayi. Chombo chamatabwa chimalowa madzi nthawi zonse, pang'onopang'ono, nde pampu inali ntchito ya tsiku lililonse, kungoti chikakalamba kapena namondwe akavuta maola ake amachuluka mpaka manja kuchita matuza.

John Everett anakwera chombo cha matanga chotchedwa Iquique mu 1898 kuchoka ku London kupita ku Sydney, ndipo mu 1920 anakwera china chotchedwa Birkdale kupita ku Texas. Iye amajambula zomwe munthu amaona ali m'chombo, zingwe zopingasana, thanga likuoneka chapansi, anthu atakhala pansi akusoka. Atamwalira mu 1949 zithunzi zake zoposa 1,000 zinapita ku National Maritime Museum ku Greenwich. Arthur Briscoe naye, ngakhale zambiri zake ndi zodinda zakuda ndi zoyera, anaonetsa amuna atandandalikana pa mtanda wa mlongoti akukoka thanga, misana yokhayokha, nkhope osaoneka.

Tsiku la mmalinyero limayenda bwanji?

Anthu amagawidwa magulu awiri, maola 4 pa ntchito, maola 4 kupuma, usana ndi usiku, ulendo wonse. Madzulo amadula mashifiti awiri afupiafupi a maola 2 kuti gulu limodzi lisamangogwira usiku womwewomwewo. Nde palibe amagona tulo tokwanira, ndipo mphepo ikasintha amadzutsa onse olo mwangogona kumene.

Ntchito yoopsa inali kupinda matanga. Mumakwera pa makwerero a zingwe, kufika pa mtanda wopingasa uja, n'kuponda pa chingwe chimodzi chomwe chimalendewera kunsi kwake, mimba itatsamira pa mtengo, manja onse awiri akulimbana ndi chinsalu chonyowa cholemera chomwe mphepo ikuchimenya. Lamba wachitetezo kunalibe. Kumwera kozizira kuja chinsalucho chimauma gwa ndi chisanu, zikhadabo kumazuka. Munthu akagwera m'nyanja chombo chili pa liwiro lotero, kawirikawiri kunalibe zobwerera. Nyengo ikakhala yabwino sikuti mupuma, pali kukwecha deki, kupala dzimbiri, kupaka phula pa zingwe, kupenta, makamaka mukayandikira kwanu kuti bwana akaone chombo chowala. Mwina apa ndi pokhapo pomwe chithunzi cha padoko chimanena zoona, chifukwa wojambula amachiona chitangopentedwa kumene.

Chakudya chinali nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba yosungidwa mu mchere, mabisiketi olimba oti mpaka kuviika, nthawi zina muli anankafumbwe, supu wa nsawawa zouma, ndi madzi a mandimu omwe lamulo la Britain limakakamiza kuti anthu asadwale matenda otupa nkhama. Madzi akumwa amachita kuyeza. Anyamata ophunzira ntchito amalowa ali ndi zaka 14 kapena 15, makolo atalipira ndalama kuti mwana adzakhale ofesala, koma ntchito zonyansa zonse zimagwera iwo. Nzosadabwitsa kuti ambiri akafika ku Australia amathawa n'kukasaka ntchito kumtunda.

Nde nthawi yake yabwino inali iti?

Ya ubweya wa nkhosa, kuyambira 1883 mpaka 1895, makamaka Richard Woodget atakhala kaputeni mu 1885. Ulendo wake woyamba anachoka ku Sydney kufika ku England m'masiku 73. Njira yake inali kutsikira kumwera kwenikweni komwe mphepo yochokera kuzambwe imawomba osaleka, kudutsa Cape Horn kunsi kwa South America, n'kukwera Atlantic. Mu July 1889 anapitirira sitima ya injini ya kampani ya P&O yotchedwa Britannia chakufupi ndi Sydney, ndipo a pa sitimayo analemba okha m'buku lawo kuti chombo cha matanga chawadutsa.

Ubweya nawo unali ndi luso lake. Mabelo amawakanikiza m'chombo ndi majeki a sikuluwu mpaka matabwa kulira, ndipo Woodget amayang'anira yekha, pa ulendo womaliza analowetsa mabelo oposa 5,000. Komanso panali kudikira, miyezi ndithu chombo chili pa nangula ku Sydney kapena ku Newcastle kudikira ubweya umetedwe, ugulitsidwe, ufike padoko. Gawo lalikulu la moyo wa chombo cha malonda linali limenelo, kukhala.

Woodget anali munthu wa zake, amaweta agalu m'chombo, ndipo anaphunzira kujambula ndi kamera. Zithunzi zake za mapiri a ayezi oyandama komanso za chombocho chili panyanja zilipo mpaka lero, nde tili ndi poyerekezera penti ndi zenizeni.

Chinafikako kufupi ndi kuno kwathu?

Ku Mozambique inde, kangapo. Mu 1895 Willis anachigulitsa kwa kampani ya Ferreira ya ku Lisbon, dzina n'kusintha kukhala Ferreira. Kwa zaka 27 chinayenda pansi pa mbendera ya Portugal pakati pa Lisbon, Rio de Janeiro, New Orleans, Angola ndi Mozambique. Werengani bwino pamenepo, zaka 27, pomwe pansi pa Willis chinagwira zaka 25, za tiyi 8 zokha. Ntchito ya malonda yomwe chinaigwira nthawi yaitali kuposa zonse ndi yomwe ili ndi zithunzi zochepetsetsa.

Mu 1916 chinanyamula malasha ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kupita ku Angola. Chakufupi ndi Cape of Good Hope namondwe anachigwedeza mpaka malasha onse anakhuthukira mbali imodzi, chombo n'kupendekeka. Amalinyero analowa pansi ndi mafosholo kubweza malashawo mumdima, masiku angapo, koma mapeto ake milongoti inapita. Anachikokera ku Cape Town, ndipo poti inali nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mitengo ndi matanga zinali zosowa komanso zodula, nde anachikonza ndi matanga ochepa osavuta, mtundu womwe amati barquentine.

Ndikaona chithunzi cha chombo, ndiyang'ane chani kuti ndidziwe zambiri?

Yambani ndi milongoti. Ngati yonse 3 ili ndi matanga opingasa a makona anayi, ndi chombo chokwana, chofuna anthu ambiri. Ngati wakumbuyo uli ndi matanga otsata utali wa chombo, ndi barque. Ngati wakutsogolo wokha ndi womwe uli ndi opingasa, ndi barquentine. Zombo zambiri zimatsika makwerero amenewa zikamakalamba, chifukwa sitepe iliyonse imachotsa anthu angapo pa malipiro. Nde zithunzi ziwiri za chombo chimodzi zosiyana zaka 20 zimakuuzani mmene thumba la mwini wake limayendera. Pa Cutty Sark, mukaona kathanga kakang'ono pamwamba penipeni pa mlongoti wapakati ndi matanga owonjezera otulukira m'mbali, wojambulayo akuonetsa nthawi ya 1880 isanafike.

Kenako mbendera. Kumbuyo kumakhala ya dziko, pamwamba pa mlongoti waukulu ya kampani, ndipo timbendera 4 totsatizana ndi zilembo zozindikiritsa chombo. Za Cutty Sark zinali JKWS. Onaninso mmene chamirira, ngati mkuwa wa kunsi ukuoneka kwambiri ndiye kuti chilibe katundu, changonyamula miyala kapena mchenga woti chisagubuduke, ulendo wopanda phindu. Kamzere kodutsa pa kabwalo kozungulira m'mbali mwa chombo kanabwera ndi lamulo la 1876 lomwe Samuel Plimsoll analimenyera nkhondo, poti eni zombo ena amadzazitsa katundu mopyola muyezo podziwa kuti chikamira inshuwalansi ilipira.

Chakumbuyo nako kumayankhula. Matanthwe oyera ndi ku Dover, phiri lofuka utsi ndi ku Naples, nsanja ya nyali yoima payokha pa thanthwe pakati pa nyanja kawirikawiri ndi Eddystone. Kasitima kautsi kali chapafupi ndi kokoka, chifukwa chombo chachikulu chonchi sichikanatha kukwera mtsinje wa Thames chokha.

Zithunzi zotchuka zija zinajambulidwa nthawi ya zombozo?

Zambiri ayi. Zomwe zimadindidwa kwambiri pa makalendala ndi za Jack Spurling, yemwe anamwalira mu 1933, ndi Montague Dawson, yemwe anamwalira mu 1973. Onse anajambula mpikisano wa tiyi wa 1866, pomwe zombo za Ariel ndi Taeping zinayenda masiku 99 kuchoka ku Foochow ku China n'kukalowa padoko ku London zitasiyana ndi mphindi zosakwana 30. Koma mu 1866 onse awiri anali asanabadwe. Amajambulira anthu omwe amalira nthawi yakale, sitima za utsi zitalanda kale nyanja yonse.

Sindikunena kuti ndi zabodza. Spurling anagwirapo ntchito panyanja ndipo zingwe zake amalinyero akale amazivomereza. Dawson madzi amawatha zedi, palibe angatsutse. Kungoti ojambula a mtundu umenewu amakonda kuika matanga onse m'mwamba pa nyanja yolusa yoti kaputeni wanzeru akanapinda theka, ndipo amasankha ola limodzi labwino pa ulendo wa masiku 100. Wa padoko uja amakometsa kuti asangalatse kaputeni, awa amakometsa kuti asangalatse munthu yemwe sanakwerepo.

Zombo za malonda zimanyamulanso anthu ogulitsidwa, zimenezo zinajambulidwa?

Cutty Sark ayi, inabwera Britain italetsa kale malonda a akapolo mu 1807. Koma zombo za akapolo zinalidi zombo za malonda, zokhala ndi eni ake, mabuku a ndalama ndi inshuwalansi, ndipo zina zinajambulidwa mwa njira yomweyi, cham'mbali, zoyera bwino, osaonetsa zomwe zili pansi. Amene anaswa mwambowu ndi J. M. W. Turner ndi chithunzi chake cha 1840 chodziwika kuti The Slave Ship, chomwe chili ku Museum of Fine Arts ku Boston. Chombo chili patali, kumwamba kuli psu, ndipo pafupi ndi inu m'madzi muli manja, mwendo womangidwa unyolo, nsomba ndi mbalame zikulimbirana. Ambiri amachilumikiza ndi nkhani ya chombo cha akapolo chotchedwa Zong ya 1781, pomwe anthu a ku Africa oposa 130 anaponyedwa m'nyanja amoyo, eni chombo n'kukapempha inshuwalansi iwalipire ngati katundu wotayika.

Zombo zimenezi zimathera kuti?

Zambiri pansi pa nyanja. Taeping inasweka pa matanthwe ku South China Sea mu 1871. Ariel inanyamuka ku London kupita ku Sydney mu 1872 osamvekanso, ndi anthu onse. Thermopylae inagulidwa ndi asilikali a pamadzi a Portugal, n'kutchedwa Pedro Nunes, inasanduka mosungira malasha, kenako mu 1907 anaimiza dala chakufupi ndi Cascais ku Portugal. Zina amazichotsa milongoti n'kuzisiya padoko ngati nkhokwe yoyandama mpaka kuwola.

Cutty Sark inachita mwayi. Wilfred Dowman, kaputeni wopuma ntchito, anaiona ku Falmouth ili yakuda ndi yotopa, anaizindikira, n'kuigula mu 1922 pa mapaundi 3,750, mtengo wopitirira womwe inayenera. Anaibwezera milongoti yake, inaphunzitsa anyamata ntchito ya panyanja ku Falmouth kenako ku Greenhithe, ndipo mu 1954 inalowa padoko louma ku Greenwich. Pa 21 May 2007 inapsa moto ili mkati mokonzedwa, mwamwayi matabwa ambiri ndi milongoti anali atazichotsa kale kukasunga kwina. Anaitsegulanso mu April 2012.

Ndingakazione kuti?

Amene muli ku London kapena mukapitako, kwerani sitima yapanjanji ya DLR mukatsike pa siteshoni ya Cutty Sark ku Greenwich. Chombocho anachikweza m'mwamba mamita 3 nde mumatha kuyenda kunsi kwake n'kuona mkuwa uja pamutu panu, kenako kulowa m'mimba momwe mumakhala tiyi, ubweya ndi malasha, n'kuona timabedi ta amalinyero kufupika kwake. Pamenepo pamalipiritsa. National Maritime Museum ndi Queen's House zili kapansi pang'ono chabe ndipo kulowa ndi ulere. Mu Queen's House mo ndi momwe Willem van de Velde ndi mwana wake, ochokera ku Holland, anali ndi chipinda chojambuliramo m'zaka za m'ma 1670, ndipo ojambula zombo a ku England anaphunzirira kwa iwowa. Amene muli kutali, tsamba la Royal Museums Greenwich ndi la Art UK ali ndi zithunzi zambiri pa intaneti, lembani dzina la John Everett kapena Tudgay mukasaka, kungoti bandulo ikhale yokwanira chifukwa kuti muone anthu pa deki mufunika kukulitsa chithunzicho.